Chuma chili m'nthaka, koma okumba ndi ena

Mvula ya chizimalupsa ikangodontha pa dothi louma la mu Okutobala, pamamveka kafungo kena kake kamene aliyense wokulira kumudzi amakadziwa. Kwathu ku Chiradzulu kafungoko kakamveka, amayi amayamba kufunsana za mbewu ya nandolo, abambo n'kumagwedeza khasu kuti aone ngati mpini udakali wolimba. Ambirife timati ndi fungo la mvula. Ayi ndithu, mvula ilibe fungo. Chimene chimanunkhira ndi mabakiteriya okhala m'dothimo, tizilombo tosaoneka ndi maso timene asayansi amatitchula kuti Streptomyces. Ndipo ngati simunamvepo, imvani lero: abale ake a tizilombo tomweti ndi amene anapulumutsa miyendo ya amalume anga.

Zaka zingapo zapitazo amalume anayamba kutuluka mawanga akuda m'miyendo. Posakhalitsa miyendoyo inatupa mpaka nsapato kukana, munthu wamkulu n'kumayenda ndi patapata ngakhale kutchalitchi. M'mudzi nkhani inali imodzi, yoti aponda mankhwala. Mbuzi inapita kwa sing'anga, nkhuku zinatsatira, koma mawanga anangochulukirachulukira. Atatopa ndi mphini anavomera kupita kuchipatala, kumene anawauza kuti ndi khansa yapakhungu ija amati Kaposi, imene imakonda anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha HIV. Anawayambitsa ma ARV, n'kuwalembera majakisoni amitundu iwiri. Ine poona kabuku kawo ka kuchipatala ndinawerenga maina awiri, vincristine ndi bleomycin. Woyambayo amachokera ku kaduwa kena ka ku Madagascar kamene enafe timabzala pakhomo kuti pakongole. Wachiwiriyo ndiye wandilembetsa nkhani ino, chifukwa amachokera m'dothi.

Tiyambe ndi thupi. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga mmene nyumba imamangidwira ndi njerwa. Kusiyana kwake n'koti njerwa izi n'zamoyo ndipo zimaswana. Selo limakula, kenaka limakopera malangizo onse amene lili nawo m'kati, aja amati DNA, kuti akhale pawiri. Likatero limadziunika ngati lakopera bwino, n'kudzigawa pakati kukhala maselo awiri, ndipo awiriwo amayambanso ulendo womwewo. Umu ndi mmene chilonda chimapolera, umu ndi mmene mwana amakulira m'mimba mwa mayi ake.

Pa ulendowu pali marodibuloko. Wokwera minibasi kuchoka ku Limbe kudzera pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi amadziwa kuti galimoto siingodutsa, imaimitsidwa kuti aone ngati zonse zili m'malo. Nalonso selo limaimitsidwa lisanayambe kukopera DNA, limaimitsidwanso lisanadzigawe, ndipo likapezeka kuti lalakwitsa kwambiri limalamulidwa kufa. Khansa ndi minibasi imene mabuleki aduka ndipo dalaivala sakumvanso za wapolisi. Selo lotere limangogawikana usana ndi usiku mpaka kupanga chotupa.

Amene anatulukira mmene marodibulokowa amagwirira ntchito ndi Leland Hartwell wa ku America pamodzi ndi Paul Nurse ndi Tim Hunt a ku Britain, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Apa pali kanthu kondiseketsa. Nurse anachita kafukufuku wake pa yisiti wina amene dzina lake la sayansi limathera ndi mawu oti pombe, kutanthauza mowa m'Chiswahili, poti yisitiyo anayamba kupezedwa mu 1893 mu mowa wamasese wa kum'mawa kwa Africa. Ofulula anali kuno, mendulo inakagwera ku London. Chaka chomwecho cha 2001 ndi chimene bungwe la madotolo la MSF linayamba kupereka ma ARV aulere ku Chiradzulu, pamene boma linali lisanayambe kuwagawa dziko lonse, zimene zinadzayamba mu 2004. Pasanafike pamenepo, munthu akatuluka mawanga ngati a amalume, abale ankangoyamba kuyang'ana matabwa.

Nanga dothi likulowa pati? Supuni imodzi ya dothi lachonde imakhala ndi mabakiteriya mamiliyoni mazanamazana, kuphatikizapo chuku ndi tamoyo tina. Onsewa akulimbirana chakudya ndi malo, ndiye m'dothimo muli nkhondo yosatha. Streptomyces alibe miyendo yothawira kapena mano olumira. Chida chake ndi poizoni amene amatulutsa kuti mnzake woyandikana naye aleke kuswana. Tsono asayansi anaganiza kuti, ngati poizoniyu amaletsa selo la chuku kugawikana, bwanji osamuyesa pa selo la khansa?

Kachitidwe kake sikodabwitsa monga mmene mungaganizire. Amatapa dothi, kulisungunula m'madzi, n'kudonthezera pa timbale tokhala ndi chakudya cha mabakiteriya. Pakapita masiku pamamera timagulu tosiyanasiyana, ena oyera ngati ufa, ena ofiira, ena achikasu. Amatola gulu lililonse palokha n'kulilera m'botolo, kenaka amatenga msuzi wake n'kuthira pa yisiti kapena pa maselo a khansa olereredwa mu labotale. Maselo akapitiriza kuswana, msuziwo ndi wachabe, autaye. Koma akapeza kuti maselo onse aima pamalo amodzi a ulendo uja, ngati maminibasi ounjikana pa rodibuloko imodzi, amadziwa kuti mu msuzimo muli kanthu. Ntchito yotsala, imene imadya zaka, ndi yopatula kanthuko kwa zinzake zambirimbiri n'kuona ngati sikapha wodwala pamodzi ndi matenda ake.

Woyambitsa njirayi anali Selman Waksman wa pa yunivesite ya Rutgers ku America, munthu amene anaphunzira za nthaka, osati za udotolo. Mu 1940, iye ndi wophunzira wake Boyd Woodruff anapeza actinomycin. Anali waukali kwambiri moti sakanatha kumugwiritsa ntchito pa matenda wamba, choncho anamuika padera. Patapita zaka zoposa khumi dotolo wina wa ku Boston, Sidney Farber, anamuyesa pa ana odwala khansa ya impso ndipo zotupa zinayamba kuphwa. Mankhwala omwewo ndi amene akhala akuthandiza ana odwala khansa ya impso pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, kumene odwala a ku Chiradzulu amatumizidwa matenda akakula.

Mu labotale yomweyo, mu 1943, mnyamata wina wophunzira dzina lake Albert Schatz anapeza streptomycin. Achikulire amene anagonapo m'wodi ya TB m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 sangamuiwale, ndi jakisoni uja wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri mpaka matako kuuma. Schatz anachita kukasuma kukhoti mu 1950 kuti dzina lake liwerengedwe, komabe mphoto ya Nobel ya 1952 inapita kwa Waksman yekha. Muisunge nkhani imeneyi, poti funso loti wakumba ndani ndipo wadya ndani silinachoke m'ntchitoyi mpaka lero.

Bleomycin wa amalume anapezedwa ku Japan ndi Hamao Umezawa mu 1962. Iyeyu amadula DNA ya selo ngati lumo, moti selo likafika pa rodibuloko yomaliza limapezeka ndi malangizo ong'ambikang'ambika, silidutsa, limafa. Palinso doxorubicin, mankhwala ofiira ngati magazi amene amachititsa mantha odwala akaona mkodzo wasintha mtundu. Kholo lake ndi bakiteriya wa m'dothi lotapidwa pafupi ndi linga lakale la Castel del Monte ku Italy. Mankhwalawa sasankha bwinobwino. Amagwira selo lililonse loswana msanga, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka ndipo m'kamwa mumatuluka zilonda. Bleomycin akachuluka amaononga mapapo, doxorubicin amafooketsa mtima, ndiye adotolo amawerengera mlingo wonse umene munthu walandira chiyambire. Sizinthu zogula pa okala izi.

Nkhani ziwiri zotsatirazi ndi zimene zimandisowetsa tulo. Mu 1964 gulu la asayansi ochokera ku Canada linapita pa kachilumba kena kakutali m'nyanja ya Pacific, kotchedwa Easter Island, eni ake amati Rapa Nui. Anatapa dothi n'kupita nalo. Mu 1972 Suren Sehgal wa pa kampani ya Ayerst ku Montreal anapezamo mankhwala amene anawatcha rapamycin, potengera dzina la chilumbacho. Amenewa amaimitsa selo pa rodibuloko yoyamba, lisanayambe n'komwe kukopera DNA. Kampani itatseka labotale ya ku Montreal, Sehgal anabisa mabakiteriyawo mu fuliji ya kunyumba kwake kuti asatayidwe. Mu 1999 America inavomereza rapamycin kwa anthu oikidwa impso ya munthu wina, ndipo ana ake a mankhwalawa anadzayamba kugwira ntchito pa khansa ya impso ndi ya m'mawere. Makampani apanga ndalama zankhaninkhani. Anthu a pa chilumbacho anatsala ndi dzina pa botolo.

Yachiwiri ndi ya pakhomo pathu. Mu 1985 asayansi a ku Braunschweig ku Germany anapatula bakiteriya wotchedwa Sorangium cellulosum m'dothi lotengedwa m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi. Eya, Zambezi yemweyu amene Shire wathu amathiramo madzi ake. Mu 1987 Hans Reichenbach ndi Gerhard Höfle anapeza kuti bakiteriyayu amatulutsa mankhwala amene anawatcha epothilone. Poyamba ankaganiza zowagwiritsa ntchito popha chuku cha mbewu, koma anaona kuti akuononganso mbewu zomwezo. Mu 1995 asayansi a kampani ya Merck anaonetsa chimene mankhwalawa amachita m'selo. Selo likamadzigawa limakhala ndi tizingwe timene timakoka DNA, theka uku theka uko. Epothilone amaumitsa tizingweto, selo n'kukakamira pakati pa ntchito, osapita kutsogolo osabwerera, mpaka kufa. Mu 2007 America inavomereza ixabepilone, mwana wa epothilone wopangidwa ndi kampani ya Bristol-Myers Squibb, kwa amayi odwala khansa ya m'mawere imene yakana mankhwala ena.

Tsono ndifunse. Mayi wa m'mphepete mwa Zambezi, kapena wa ku Namitambo kapena ku Thumbwe, akatuluka chotupa m'bere, angawaone mankhwala amenewa? Dothi linali lakuno. Linakwera ndege ngati fumbi la ku nsapato, n'kukasanduka katundu wa mwini wake, wokhala ndi chiphaso ndi mtengo wake m'madola. A Ngwazi ankakonda kutiuza kuti chuma chili m'nthaka, ife n'kumaganiza za fodya, thonje ndi mtedza basi. Chinaliko chuma china chimene sitinkachiona.

Ndisanamizire anthu kuba. Nthawi imene dothi la Zambezi linkatengedwa kunalibe lamulo la maiko loletsa. Pangano loteteza zamoyo zosiyanasiyana linadzasainidwa ku Rio de Janeiro mu 1992, ndipo linanena kuti dziko lililonse ndi mwini wa zamoyo za m'malire ake. Mu 2010 ku Nagoya ku Japan anaonjezera pangano lina loti wofuna kutenga zamoyo, kuphatikizapo tizilombo ta m'dothi, ayambe wapempha chilolezo ndipo agwirizane ndi eni ake za kagawidwe ka phindu. Malawi anavomereza panganoli mu 2014. Pa pepala zili bwino. Koma ndani anapitapo kwa a T/A Kadewere, a Likoswe kapena a Mpama kukafotokozera mafumu kuti mlendo wotapa dothi m'timatumba ayenera kuonetsa kalata? Kwathu mlendo wotere timamulandira ndi manja awiri, mwina kumunyamulira ndi katundu yemwe. Chinanso, America sinalowe m'mapangano amenewa. Ndipo masiku ano munthu safunikanso kunyamula dothi. Akhoza kuwerenga DNA ya bakiteriya pompano n'kutumiza malangizowo pa intaneti, anzake kunja n'kupanga mankhwalawo osaliona n'komwe dothi lathu. Maiko anakambirana za vutoli ku Cali ku Colombia mu 2024 n'kukhazikitsa thumba loti makampani aziponyamo kangachepe, koma kuponyamo kwake n'kodzifunira.

Apa ndichenjeze, poti ndikudziwa mtundu wanga. Wina awerenga theka la nkhaniyi n'kukayamba kugulitsa dothi la m'phiri la Chiradzulu m'mabotolo, ati limachiza khansa. Tinaziona mu 1995 pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa a Billy Goodson Chisupe kukamwa mchape woti uchize Edzi. Malole anadzaza, makapu anamwedwa, maliro sanaleke. Dothi si mankhwala. Amayi oyembekezera amene amadya dothi la pachulu amadyera limodzi mazira a njoka za m'mimba. Mankhwala ali m'kachilombo kamodzi mwa zikwizikwi, ndipo kuti afike mu jakisoni pamafunika kuwapatula, kuwayeza ndi kuwayesa kwa zaka. Taonani epothilone uja: kuchoka 1985 kufika 2007 ndi zaka 22, ndipo ngakhale zinatero maiko a ku Ulaya anakana kumuvomereza mu 2008 poona kuti phindu lake silikuposa mavuto ake. Nthawi zambiri wofufuza amasangalala kuti wapeza chatsopano, kenaka n'kuzindikira kuti ndi streptomycin yemwe uja wa 1943. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene makampani akuluakulu ambiri anasiyira ntchito yofufuza m'dothi.

Ndiye wina anena kuti, ngati olemera anatopa nazo, ife osauka tivutikiranji? Funsoli ndi lomveka, ndipo ine sindikunena kuti tichotse ndalama za panado ndi ma ARV kukamanga fakitale ya mankhwala a khansa. Chofunika lero kwa wodwala wa ku Milepa n'choti mankhwala amene alipo kale apezeke pa tsiku lake. Amalume anabwezedwapo mwezi wina pa chipatala china, ati jakisoni watha, atalipira kale njinga ya kabaza ndi minibasi ndi ndalama yogulitsa nandolo. Kafukufuku amene anachitika m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi, wofalitsidwa mu 2020, anaonetsa kuti mankhwala otchedwa paclitaxel amagwira bwino Kaposi kuposa bleomycin ndi vincristine. Dziko lathu lilinso m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse. Zimenezi zidze poyamba, sindikutsutsa.

Koma gawo loyamba la ntchito ija, lotapa dothi, kulera mabakiteriya, kuwapatsa maina ndi kuwasunga mu fuliji m'dzina la Malawi, silifuna mabiliyoni. Ndipo si zachilendo kwa ife. Pa Chitedze akhala akulera mabakiteriya a m'dothi kwa zaka zambiri, aja alimi amapaka ku mbewu ya soya kuti mizu izipanga yokha chakudya cha mbewu. Tili ndi yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, tili ndi Chancellor ku Zomba, Bunda ku Lilongwe ndi sukulu ya madotolo ku Blantyre. Chaka ndi chaka ana athu amamaliza maphunziro a sayansi n'kukakhala pa Limbe kugulitsa mayunitsi. Olemera anatopa chifukwa ankangopeza zomwe anapeza kale, koma dothi la pachulu cha ku Ndunde, la m'dambo la ku Mikolongwe kapena la m'nkhalango ya manda kumene khasu silinagwepo chiyambire ndi lina. Amene ali ndi bakiteriya mu fuliji yake, wolembedwa bwino tsiku ndi malo, ndi amene amakhala pa mpando pokambirana ndi kampani. Wopanda kanthu amangolandira zikomo m'munsi mwa lipoti. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako tiyambe ifeyo.

Nthawi nayo sikutidikira. Kafukufuku wa bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Dothi limene limakokoloka ndi lapamwamba, momwe mumakhala mabakiteriya ambiri. Ife a ku Chiradzulu sitifuna lipoti kuti tidziwe zimenezi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa a Likoswe, ndipo m'madera ambiri minda inatsala miyala yokhayokha. Tinalira anthu, ndipo n'koyenera. Zimene zinali m'dothilo zinapita osalembedwa ngakhale dzina. Onjezani kutentha mapesi chaka ndi chaka posaka mbewa, ndi kudula mitengo yootchera njerwa ndi makala.

Amalume ali moyo. Mawanga anazilala, kutupa kunaphwa, nsapato zinayambanso kulowa. Nditapita kukawaona mwezi wathawu ndinawapeza akukwirira mapesi m'mizere, ndipo ndinawafotokozera kuti jakisoni uja anachokera m'dothi la ku Japan. Anayamba aseka, kenaka anatapa dothi la m'munda mwawo n'kulinunkhiza.

"Ndiye mphwanga, ili lathuli analiyeza kale?"

"Ayi amalume, la munda uno ayi."

"Akadzabwera oyezawo, adzayambe aonekera kwa amfumu," anatero, n'kuwerama kupitiriza mzere wawo.